Kukatenga Limbani ku Trondheim

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinatseka maso a mayi wachinayi dzuwa lisanafike pamutu. Ndinali namwino m'wodi ya amayi pachipatala china cha boma, chaka cha 2002. Magolovesi anali atatha, tinkavala majumbo m'manja. Anzanga atatu anali atapita kale ku UK, ndipo mmodzi ananditumizira keyala ya anthu olemba anamwino ntchito. Madzulo a tsiku limenelo ndinalemba kalata ndisanavule n'komwe yunifomu.

Kwathu ku Ntcheu palibe anandiletsa. Bambo anali atamwalira kale, ndipo amayi anatsala ndi ana awiri, ine ndi mlongo wanga Limbani, yemwe anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amalume, amene amayang'anira mbumba yathu, anangoti, "Pita, mwana wanga. Ena onse akufolera malata, ife tidzafolera liti?" Limbani panthawiyo ankaphunzira za uinjiniya ku Blantyre. Anandiperekeza mpaka kubwalo la ndege atasenza sutikesi yanga pamutu ngati mayi wochokera kuchigayo, dala kuti ndiseke, chifukwa anaona kuti ndayamba kulira.

Ku London ndinakhala ku Lewisham, m'kachipinda kapamwamba pa shopu ya nkhuku zokazinga. Zovala zanga zonse zinkanunkha mafuta. Ndinayamba ndi kusamalira okalamba, kenako ndinalowa m'chipatala. Ntchito sinkandiopsa, ndinachokera kovuta kuposa kumeneko. Chimene chinkandiopsa ndi masiku opuma. Ndinkatha masiku awiri osalankhula ndi munthu kupatula kunena zikomo kwa dalaivala wa basi. Lamulungu ndikaweruka kutchalitchi ndinkakwera basi mpaka ku Greenwich, n'kukakhala pabenchi kumaonerera maboti akudutsa pamtsinje mpaka zala zitauma.

Zimenezi sindinauzepo aliyense kumudzi. Amayi analibe foni, choncho Loweruka lililonse masana ankapita kugolosale ina ya kumsika kukadikira. Ine ndinkagula khadi yoimbira, n'kuyamba: kuno kuli bwino, ntchito ili bwino, ndanenepa. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse osaphonya. Nyumba inafoleredwa malata, feteleza ankagulidwa nthawi yake, ana a amalume analowa sekondale. Ndinkatumizanso zithunzi, nditaimirira pafupi ndi magalimoto a eni ake, ndikumwetulira. Ndinkaona ngati ndikuwachitira chifundo.

Chaka cha 2005 Limbani anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Norway, mumzinda wa Trondheim, za magetsi opangidwa ndi madzi. Kumudzi anapha mbuzi. Miyezi yoyamba ankandilembera maimelo ataliatali, oseketsa, onena za anthu amene amakwera njinga ngakhale ali mabwana, za nsomba zimene amadya zosaphika. Itafika nyengo yozizira maimelo anayamba kufupika. Tsiku lina pafoni anati, "Achemwali, kuno dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Ndimalowa m'kalasi kuli mdima, ndimatuluka kuli mdima." Ndinaseka. Ndinamuuza kuti agule jekete lonenepa.

Chaka chachiwiri zinthu zinamuipira. Kafukufuku wake anaima, sankagona tulo, anasiya kupita kukadya ndi anzake. Izi ndinazidziwa pambuyo pake. Chimene ndinamva ndi makutu anga n'chakuti mu Disembala anandiimbira ndili pasiteji ya basi, ndikuthamangira shifiti ya masana.

"Achemwali, ndikufuna kubwerera kumudzi."

"Kukatani?"

"Basi, kungobwerera. Mutu wanga sukugwira."

Basi inali ikubwera, mvula ikundilowa m'khosi. Ndinati, "Iwe Limbani, aliyense kuno akuvutika. Ukuganiza kuti ine ndikusangalala? Yangotsala miyezi yochepa. Limba mtima, umalize. I'll call you pa weekend."

Pa weekend ndinagwira ma extra shift. Ndinangomutumizira uthenga wa pafoni, iye n'kuyankha kuti ali bho. Ndine namwino. Odwala amene amati ali bho ndawaonapo ambiri, ndipo ndimadziwa kuwayang'ana kawiri. Mlongo wanga sindinamuyang'ane kawiri.

Foni ya apolisi a ku Norway inandipeza mu Febuluwale, masana, ndikumwa tiyi m'chipinda chathu chopumira. Mayi amene ankalankhula anali ndi Chingelezi choyera, chodekha. Anafunsa ngati ndili pamalo poti ndingakhale pansi. Mnzanga Misozi, namwino wa ku Zambia, ndiye anatola foni itagwa. Anamaliza yekha kulankhula nawo, analemba manambala onse kuseri kwa dzanja lake, kenako anandigwira mapewa n'kulankhula m'Chinyanja cha kwawo. "Iwe, nimvele. Lila apa manje, chifukwa mailo m'mawa ufunika kuyenda ku embassy na mutu wabwino." Viza inatenga masiku asanu. Masiku onsewo kumudzi ndinangowauza kuti Limbani wamwalira, zambiri ndikazimva ndikafika.

Ku Trondheim ndinafika m'mawa, kunja kuli mbuu, chipale chofewa, madzi oundana ogwa kumwamba aja, chitaunjikidwa m'mbali mwa misewu kufika m'chiuno. Wapolisi uja anandilandira yekha. Anandiuza mosazungulira kuti Limbani anadzipha. Kenako anatulutsa pepala m'kajumbo koonekera mkati n'kunena kuti pepani, iwo alephera kuliwerenga, kodi ndingawamasulire? Linali m'Chichewa, m'zilembo zake zopendama zija. Munali mizere itatu yokha. Limbani anapepesa kwa ine, ananena kuti watopa, anapempha kuti amayi ndisawauze. Ndinamasulira liwu ndi liwu, mayiyo akulemba. Nditamaliza anandipatsa madzi m'kapu ya pepala.

Mapepala otulutsira thupi m'dziko ankafunika masiku atatu. Ndinalongedza katundu wake m'kachipinda ka ophunzira. Mabuku anali ataunjikidwa bwinobwino, bedi litayalidwa. M'thumba la jekete lake ndinapezamo timapepala tambiri topindapinda, tonse tofanana, tokhala ndi chithunzi cha tchalitchi chachikulu cha mumzindamo ndi nthawi zotsegulira. Limbani sanali munthu wa mapemphero. Kumudzi amayi ankachita kumukoka. Tsiku lachiwiri, posowa chochita ndi manja anga, ndinavala jekete lakelo n'kutsetserekera kumeneko.

Tchalitchicho chili pafupi ndi mtsinje. Ndinachionera patali, nsanja yake yosongoka, yobiriwira, itabaya mitambo. Ku London matchalitchi akale ndinawaonapo, koma ndinkangowadutsa ndili m'basi. Apa ndinaima kutsogolo kwake mpaka khosi kupweteka. Khoma lonse lakumaso ndi anthu osemedwa pamwala, mizeremizere, wina pamwamba pa mnzake: mafumu, aneneri, mabishopi, ena atagwira mabuku, ena malupanga. Chipale chinali chitawagwera pamitu ndi m'mapewa. Mwala wake ndi wotuwa mobiriwira, ngati mwala wa mumtsinje umene sunaonepo dzuwa. Pamwamba pawo pali zenera lalikulu lozungulira. Onse ankayang'ana kutsogolo, kupyola pamutu panga.

Mkati munali mdima. Ndinaima pakhomo mpaka maso atazolowera. Mizati inkakwera m'mwamba n'kukakumana kudenga mosongoka, kutali kwambiri moti sindinkaona bwino pamene yathera. Mazenera a magalasi ofiira ndi abuluu sankalowetsa kuwala kwenikweni, ankangoyaka okha. Kunkazizira kuchokera pansi, kudzera m'nsapato. Kapepala kaja kankanena kuti anachimanga zaka mazanamazana zapitazo pamwamba pa manda a mfumu ina imene inafera kunkhondo, ndipo anthu ankayenda wapansi milungu yambiri kudzagwada pamenepo. Munali alendo ochepa, akunong'ona. Wina ankayeserera limba, kuimba mzere umodzi, kuima, kuyambiranso.

Ndinakhala pampando wakumbuyo ndipo ndinapsa mtima. Mwana wodandaula za mdima, n'kumabwera kudzakhala mumdima woposa wakunja! Ankafunamo chiyani m'nyumba ya miyala imeneyi, mopanda ngakhale munthu mmodzi wofanana naye? Nambala ya foni yanga anali nayo. Kenako ndinakumbukira chimene ndinamuyankha pafoniyo, ndipo mkwiyo unathera pomwepo.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Mayi wina wachikulire, wa imvi zometa mofupika, atavala zakuda ndi kolala yoyera ya ubusa, anadutsa kawiri. Kachitatu anaima. Sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana jekete.

"Pepani," anatero m'Chingelezi. "Kodi ndinu mlongo wake wa Limbani?"

Dzinalo analitchula bwino, mmene timalitchulira kwathu. Anakhala pampando woyandikana nane, kusiya umodzi pakati.

Anandiuza kuti Limbani ankabwera pafupifupi tsiku lililonse cha m'ma thuu koloko, n'kukhala pafupi ndi mzati wachitatu kumanzere. Masabata oyamba sankalankhula. Kenako anayamba kumufunsa mafunso a uinjiniya: denga lolemera choncho likugwiridwa ndi chiyani, miyala anaikweza bwanji popanda makina. Mbusayo anamuonetsa timizere timene amisiri akale ankasema pamwala uliwonse kuti adziwike amene waugwira, ndipo Limbani ankatiyenda ndi chala. Limbani anamuuza za tchalitchi cha kwathu, cha njerwa zootcha, zimene iyenso anasenzako ali mwana. Anamuuzanso kuti sangabwerere kwawo chimanjamanja, chifukwa mudzi wonse unamuperekeza.

"Ndinamupempha kuti akaonane ndi dokotala," anatero mbusayo. "Anapita kamodzi. Ndinayenera kumuperekeza ndekha ulendo wachiwiri. Sindinatero."

Aka kanali koyamba kumva munthu wina akusenzako chimene ndinkaganiza kuti ndi changa ndekha.

Anandifunsa ngati ndingafune kuti amupempherere. Ndinati, "Mukudziwa mmene anafera?"

"Ndikudziwa."

"Kwathu munthu wofa choncho saimbiridwa nyimbo. Abusa sabwera. Amangomuika mwakachetechete, ngati chinthu chobisa."

Anagwedeza mutu. "Kunonso kale ankawaika kunja kwa mpanda wa manda. Tinasiya."

Ananditengera kukachipinda kena kopempherera, kumbali, kochepa ngati khitchini ya kumudzi, kokhala ndi guwa lamwala. Anandipatsa kandulo kuti ndiyatse. Anapemphera m'chilankhulo chawo, kenako m'Chingelezi. Sanabise kanthu pamaso pa Mulungu. Ananena kuti mnyamatayu anatopa, anachotsa moyo wake, ndipo akumupereka m'manja mwa Iye amene anamuumba. Bambo wina wokalamba amene ankangodutsa anaima pakhomo n'kuvula chipewa mpaka pemphero litatha. Anthu a pamwambowo tinali atatu basi.

Madzulo ake ndinaimbira amalume. Anafunsa chimene chinamupha. Ndinati, "Chibayo. Kuno kukuzizira kwambiri, ndiye anachedwa kupita kuchipatala." Mawuwo anatuluka mosavuta. Ndine namwino, ndani akananditsutsa? Chikalata cha imfa ndinachipinda n'kuchiika pansi penipeni pa chikwama changa.

Ndinabwerera kumudzi koyamba patatha zaka zisanu, ine pampando wa pazenera, mlongo wanga kunsi pamodzi ndi masutikesi. Ku Lilongwe kunali kotentha, chimanga chitamasula ngayaye. Amalume anabwera ndi lole yaing'ono yobwereka, amayi a mvano atadzaza kumbuyo. Atangoona bokosi anayamba nyimbo, ndipo sanaleke mpaka ku Ntcheu. Nyimbo iliyonse inkandilasa. Ndinkadziwa kuti ndaiba nyimbo zimenezo.

Bokosilo linali ndi lina lachitsulo mkati, lomata. Amalume anafuna kulitsegula kuti anthu aone nkhope. Ndinawauza kuti malamulo a ndege salola, ndipo kutsegula n'kuika anthu pangozi. Anandiyang'ana nthawi yaitali koma anagonja. Pasiwa mphekesera zinayenda. Ena ankati azungu anamuchotsa ziwalo n'chifukwa chake amata. Ena ankati ndi matenda omwewa, ena ankaloza banja lina lansanje kutsidya kwa dambo. Zonsezo ndinazimva ndipo ndinazisiya. Iliyonse inali yopepuka kuposa zoona.

Abusa analalikira za mnyamata wachitsanzo amene Ambuye amutenga ali pantchito yokweza dziko lake. Kwaya inaimba. Amalume polankhula m'malo mwa banja anati tataya mzati, tataya digiri imene inatsala pang'ono kulowa m'mudzi muno. Tikuchokera kumanda, dothi lidakali m'manja, mayi wina amene ndinaphunzira naye pulayimale anandikokera pambali. Anati mwana wake wamkazi wakhoza folomu folo, kodi sindingamupezere njira? Anthu anayi anandifunsa zomwezo dzuwa lisanalowe. Panalibe amene anandifunsa kuti kunjako timakhala bwanji.

Amayi masiku onsewo sanalankhule nane zambiri. Anali atachepa thupi, tsitsi litayera. Analira monga mayi aliyense amalirira, koma ndikawayandikira ankayang'ana kumbali.

Tsiku lachinayi anthu atabalalika, anandiitana kuseri kwa nyumba masana. Anali atayala mphasa pamthunzi wa mpapaya, sutikesi ya Limbani ili potsegula. Ankatulutsa zovala chimodzichimodzi, kuzikutumula, kuzipindanso.

"Anandiimbira," anatero osandiyang'ana. "Sabata ya Khrisimasi. Anatumiza uthenga kugolosale kuti ndipite Lachitatu, ndekha."

Anapinda malaya ena n'kupitiriza.

"Anati, amayi, ndikufuna kubwera. Ankalira. Mwana uja chikulireni sindinamumvepo akulira. Ine ndinati, ukabwera wopanda pepala anthu adzati chiyani? Amalume ako ndidzawauza chiyani? Ndinati taona mchemwali wako, zaka zonsezi ali kunja sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi."

Mawu amenewo anandilowa ngati singano. Ndinatsegula pakamwa, koma iwo anakweza dzanja.

"Ine ndabereka, ndaika ana awiri akhanda, ndaika bambo ako. Chibayo ndimachidziwa. Sindikufunsa kanthu, ndipo iwe usandiuze kanthu. Ukandiuza, ndiyenera kupita kwa abusa kukanena kuti tinawanamiza. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anatulutsa jekete lija. M'thumba munali mutatsala kapepala kamodzi. Anakatambasula n'kuyang'anitsitsa chithunzicho, atachitalikitsa chifukwa cha maso.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinawauza. Ndinawafotokozera za anthu amiyala okhala ndi chipale pamitu, za mizati, za mdima wa mkatimo, za mzati wachitatu kumanzere pamene mwana wawo ankakhala masana aliwonse. Ndinawauza za mbusa wachizimayi amene ankadziwa kutchula dzina lake, ndi za kandulo ija. Anamvetsera osaphethira.

"Abusa akewo," anatero pamapeto, mawu ali pansi, "pomupempherera paja, ankadziwa zonse?"

"Ankadziwa."

"Zonse?"

"Zonse, amayi."

"N'kupempherabe?"

"Anapempherabe. Anamutchula dzina."

Anapuma mpweya wautali. Anapinda kapepalako kanayi n'kukamangirira pansonga ya chitenje chawo.

"Ndiye kuti maliro ake anachitikira konko," anatero. "Kuno tinangoimba."

Ndinabwerera ku London kukamaliza miyezi imene inatsala pa kontrakiti. Nditamuuza zobwerera kwathu, Misozi anati ndapenga, ndidikire kaye mapepala okhalitsa. Sindinadikire. Chaka chotsatira ndinabwera kwathu, ndipo tsopano ndimagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kumudzi. Anthu amati anandithamangitsa, chifukwa kwa iwo munthu wamutu wake sangachoke ku UK yekha. Sindiwatsutsa. Amalume anasiya kundipatsa moni kwa miyezi ingapo.

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti ndine ndekha amene ndinkabisa, kuti kumudzi ndi kumene munthu angafike n'kutula zonse. Ndinapeza kuti kunonso aliyense ali ndi chake chimene sanena, ndipo tonse timathandizana kusanena. Amalume mpaka lero amauza alendo za mphwawo amene anafa ndi kuzizira kwa ku Ulaya. Ine ndikakhalapo ndimavomereza ndi mutu.

Chichitikireni malirowo amayi sanadyenso mgonero wa Ambuye. Akuluampingo anabwera kawiri kudzafunsa, iwo anati ndi miyendo. Malamulungu ena onse amayenda bwinobwino mpaka kutchalitchi. Koma Lamulungu la mgonero belu likalira amatulutsa mipando iwiri pakhonde, ndipo timakhala pamenepo awiriwiri, kumamvera nyimbo zikuchokera kutsidya, mpaka anthu ataweruka.